Lamba wa achimwene anga a Yelemiya

Sabata yatha kunabwera galimoto yoyera pano, n'kuima pafupi ndi chigafa chathu cha fodya chopendekeka chija. Munatuluka amuna awiri ovala malaya ofanana, wina atanyamula nsalu yatsopano m'pepala la pulasitiki. Ine ndinawaona asanatsike n'komwe, chifukwa ndikamva galimoto sindidikira kuti wina adzandiuze. Mkeka ndinawayalira kutali ndi khomo. Anati atumidwa ndi bungwe la Abale a Lamba. Ati poti chaka chakwana chimwalirireni achimwene anga a Yelemiya Phiri, bungwe likukonza mwambo wowakumbukira ku boma, ndipo likufuna ine ndikayankhulepo monga mlongo wawo. Nsaluyo ati ndi yoti ndikavale.

"Mukufuna ndikanene chiyani?" ndinafunsa.

"Zabwino zokhazokha, agogo. Mmene malemu ankalikondera bungwe lathu."

"Nanga mmene bungwe lanu linkawakondera iwo, akanene ndani?"

Anayang'anana, wina n'kuyamba kuseweretsa makiyi. Nsalu yawo ndinawabwezera. Munthu akakugulira chovala kuti ukayankhule, mawu amakhala atakusankhira kale. Ku boma sindipita. Ndalemba pano, pamene palibe wondikoka chitenje kuti nthawi yatha.

Achimwene anali mlimi wa fodya ngati wina aliyense kuno kwa Njombwa: kamunda kamodzi, chigafa chimodzi, ndi njinga yopanda mabuleki imene ankaiimitsa ndi chidendene. Anali aatali, oonda, a mawu okhuthala oti akanong'ona anthu a kuseri kwa nyumba ankamva. Sankamwa mowa, sankasuta, ndipo mpira analibe nawo ntchito. Chawo chinali chimodzi basi, bungwe lawolo. Ukawafunsa za mvula, yankho linkathera kwa Abale. Ukawadandaulira kuti mbuzi yalowa mu nazale, ankakuuza mmene Abale amapiririra. "Ife Abale," "ife Abale," mpaka adzukulu anga anawapatsa dzina lakuti agogo a Ife-Abale. Iwo ankadziwa za dzinalo, ndipo m'malo mokwiya ankanyada nalo.

Ana a masiku ano amaganiza kuti bungweli linayamba ndi mabulangete ndi zithunzi. Ayi. Linayamba ndi mitembo. M'maesiteti a kuno mumadzaza matenanti, anthu ochokera kutali, ku Phalombe, ku Mulanje, ku Dedza, obwera kudzalimira eni minda fodya. Munthu wotere akamwalira, kwawo n'kutali, galimoto yomunyamula palibe, ndipo adzukulu a m'mudzi, okumba manda aja, sakumbira mlendo. Kale ena ankangokulungidwa m'chiguduli chokutira mabelo, n'kukwiriridwa kumapeto kwa munda ngati galu. Ndiye amuna angapo, osati a mpingo umodzi, anagwirizana kuti zimenezi zithe. Achimwene anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi mnzawo wa kwa Kaluluma, a Gondwe. Mlendo akafa, iwo ankamusambitsa, kumukhomera bokosi ngakhale la matabwa a mlombwa wa osauka, uja timati bulugamu, kumupemphera malo, kukumba, ndi kumuika ngati munthu.

Chizindikiro chawo chinali lamba. Musaganize za lamba wa thalauza. Anali nsalu yolimba ya tenti ya lole, yopindidwa pawiri n'kusokedwa, yaitali moti inkadutsa paphewa n'kuzungulira m'chiuno kangapo. Utali umenewo sunali wokongoletsa. Pamaliro a mlendo palibe amene ankabwereketsa chingwe, ndiye Abale awiri ankavula malamba awo, wina kumutu wina kumiyendo, n'kutsitsira bokosi m'manda. Malamulo awo achimwene ankawanena ngati mavesi: Mbale sadya pamaliro amene wakumba, dzina lake silitchulidwa pothokoza, lamba sachapidwa, ndipo Mbale akamwalira, amatsitsidwa ndi lamba wake, lambayo n'kutsala naye m'mandamo.

Zosachapazo ndi zimene zinatsala pang'ono kuthetsa banja lawo. Malemu alamu anga anali munthu waukhondo woopsa. Tsiku lina achimwene ali kumunda, anatenga lamba uja pa msomali kuseri kwa chitseko, atada ndi dothi lofiira, n'kumuchapa ndi sopo, kumuyanika bwinobwino, mpaka kumusita. Ankayembekeza kuyamikiridwa. Achimwene atafika anaima pakhomo osalowa.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndachapa. Mumafuna muziyenda ngati nguluwe?"

"Mwachapa anthu! Dothi lija linali la anthu! Lija la pakona linali la mayi wa ku Mulanje uja. Tsopano ali kuti?"

"Ali m'manda mmene munawaika. Pa chingwe changa choyanikira palibe munthu."

Anakhala nthawi osayankhulana, mbale ya chakudya ikuyenda ndi ana. Ine ndinali mbali ya alamu, ndipo mpaka lero ndimati analibe mlandu. Koma lamba uja sanakhudzenso madzi, kupatula a mvula.

Ndisakunamizeni kuti ndinkasangalala ndi ntchito yawoyi. Ndinkakwiya nayo chaka ndi chaka. Maliro a matenanti amachuluka nthawi ya dzinja, pamene njala yafika ndipo fodya wapsa m'munda. Nthawi yothyola ndi kusoka imeneyo, pamene aliyense m'mudzi manja ali bii ndi utomoni, achimwene ankamva uthenga, n'kuponya tsamba pansi, n'kuthamangira msomali wawo. Masamba a pansi ankaolera m'mizere. Denga la nyumba yawo linkadontha pomwe iwo ali kalikiliki kukhoma bokosi la munthu amene sanamuonepo ali moyo. Ndikawadzudzula ankandiyankha kuti fodya amafesedwanso chaka chamawa, koma munthu amaikidwa kamodzi, ndipo ukalakwitsa sungamufukule kuti ukonze. Ankanenanso kuti ulemu wopereka kwa munthu amene angakubwezere ndi malonda chabe. Mawu okoma, inde. Koma mawu sankafolera nyumba. Ankafolera ndi ana anga.

Atatsala pang'ono kumwalira, m'nyengo yozizira ya chaka chatha, anandiitana pa khonde. Anali atawonda moti malaya ankangolendewera. Analoza kuseri kwa chitseko.

"Naphiri, iwe sukhulupirira munthu."

"Ndi tchimo?"

"Lero si tchimo. N'chifukwa chake ndikuuza iwe. Lamba uyo usapatse aliyense. Abwera, adzayankhula bwino. Apite nane."

Kuti mumvetse chimene ankaopa, ndibwerere m'mbuyo.

Bungwe lija linayamba kutchuka. Anthu a ntchito za pamwezi a ku boma anayamba kulowa: a m'maofesi, aphunzitsi, a mashopu. Achimwene anakondwa ngati mwana. "Tikukula, Naphiri! Ngakhale ovala mataye akubwera kudzagwira khasu!" Ine ndinawafunsa ngati anaona chikhatho cha mmodzi wa iwo. Anati ndili ndi mtima woipa. Posakhalitsa misonkhano inachoka pansi pa mtengo n'kupita mu holo ya ku boma. Kunasankhidwa komiti, ndipo atcheya anali bambo wina wonenepa bwino, wa mawu osalala, amene ankati akakupatsa moni maso ali kwa munthu wina kumbuyo kwako. Kenaka kunabwera malamba atsopano, onyezimira, a mtundu wa pepo, olembedwa zilembo zagolide, aafupi ongochoka paphewa kufika m'chiuno n'kumangidwa ndi pini. Anawagulira ndi mwini esiteti ina yaikulu ya kufupi kuno, amene komiti inamupatsanso mpando wa ulemu m'bungwemo. Ntchito inasanduka yogawa mabulangete. Sindikunyoza bulangete, nkhalamba zinafunda. Koma nkhalamba iliyonse inkayenera kugwira bulangetelo ngodya imodzi, atcheya ngodya ina, osasiya mpaka foni italira kuti chithunzi chatheka. Mayi wina wakhungu wa kwa Lukwa anamuimitsa padzuwa, n'kumamutembenuza mutu kuti ayang'ane kumene kuli foni. Ndinaona ndi maso anga.

Achimwene lamba watsopano analandira, anathokoza, n'kumupereka kwa adzukulu kuti azimangira chidole kumbuyo. Ku misonkhano ankapita ndi wakale yemwe uja, wofiira ndi dothi. Ena ankasuntha mipando kuwathawa. Iwo sankaona. Kapena ankaona, koma osafuna kudziwa.

Ndiye kunabwera maliro a Makwinja.

Unali mwezi wa mvula yosalekeza, fodya ali pakati pothyoledwa. M'mawa wina kunafika mayi pakhomo pa achimwene, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, nsalu itamatirira m'thupi. Anati ndi mkazi wa Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo mwamuna wake wamwalira atadwala chifuwa nthawi yaitali. Kapitawo wa pa esiteti wawauza kuti amukwirire kuseri kwa zigafa dzuwa lisanapendeke, anthu abwerere kokathyola. Esitetiyo inali ya bambo yemwe uja wogula malamba onyezimira.

Achimwene anaimbira atcheya, ine ndili pomwepo. Foni yawo inali yolira mokweza, ndiye ndinamva zonse.

"Bambo Phiri, nkhani imeneyi ndi yofuna nzeru. Mukudziwa malo amene yachitikira. Dikirani komiti ikumane Loweruka."

"Atcheya, mtembo sudziwa Loweruka."

"Ndikukupemphani, musapiteko m'dzina la bungwe. Tisakhumudwitse anthu amene amatithandiza."

"Amatithandiza kuchita chiyani, ngati si ichi?"

Foni inaduka. Achimwene anaimbira a Gondwe, ndipo a Gondwe, ndinene zoona, anabwera. Anapalasa njinga m'matope kuchokera kwa Kaluluma, lamba wawo wakale ali m'chiuno. Vuto linali malo. Akuluakulu a m'mudzi anati manda adzaza, mlendo wina sangalowenso. Mwina ankanena zoona, mwina uthenga wa ku esiteti unali utawafika kale. Ine ndili ndi maganizo anga. Koma kumanda kwathu banja lililonse lili ndi mzere wake, ndipo mzere wa mbumba yathu wolamula anali achimwene. Pambali pa manda a amayi athu panali malo amene tonse tinkadziwa kuti ndi awo. Amayi anachita kunena okha ali moyo, kuti mwana wawo woyamba adzagone pafupi nawo.

Nditawaona akuyeza pamalo pamenepo ndi bango, ndinathamanga ngati mtsikana.

"Achimwene, mwapenga? Pamenepo ndi panu!"

"Ngati ndi panga, ndingathe kupereka."

"Kwa munthu amene dzina lake mwalimva m'mawa uno? Amayi akagone ndi mlendo, inu mukagone kuti, m'tchire?"

"Amayi ankaphikira aliyense wodutsa pamsewu. Sakadabwa."

"Nanga bungwe lanulo lili kuti? Ovala mataye aja ali kuti? Akukanani, inu mukugawa manda a mbumba!"

Anaima, thukuta ndi mvula zikutsikira limodzi, n'kundiyang'ana. "Naphiri, bungwe lili pano. Suliona? Ine ndi a Gondwe. Choka, ukutiponda pa bango."

Ndinawatukwana tsiku limenelo, ndipo sindibweza liwu ngakhale limodzi. Anakumba awiriwo, nkhalamba zokhazokha, mothandizidwa ndi matenanti ochepa amene anazemba kumunda. Dothi linali lolemera, madzi akulowa m'dzenje, iwo akukapa ndi chidebe. Mtembo anakautenga pa ngolo. Akanatha kudzera njira ya kuseri, koma achimwene anakana. Anati Mbale sabisa maliro. Anadutsa msewu waukulu wa pakati pa esiteti, iwo patsogolo pa ng'ombe, lamba pachifuwa, akuimba nyimbo ya bungwe ndi mawu awo aja. Anthu m'minda anasiya kuthyola, n'kuvula zipewa. Ena anasiya mitolo m'mizere n'kutsatira ngolo. Pofika kumanda gulu linali lalikulu. Makwinja anatsitsidwa ndi malamba awiri, pambali pa amayi anga. Mkazi wake anafuna kugwada kuti athokoze, achimwene n'kumutembenukira msana, poti lamulo silinkalola. Ku nyumba anabwerera osadya, akunjenjemera, ndipo chifuwa chimene chinadzawatenga ndimati chinayamba tsiku limenelo.

Mwini esiteti anakwiya, ati bungwe lamuchititsa manyazi pamaso pa antchito ake. Achimwene anaitanidwa ku holo. Ine ndinawatsatira, iwo osadziwa, n'kukakhala pansi pa windo ngati wogulitsa mtedza. Ndinamva atcheya akunena kuti Abale awiri agwiritsa ntchito dzina la bungwe popanda chilolezo, ndipo apepese. A Gondwe anaimirira. Anayankhula mosakaniza ndi chiyankhulo chakwawo.

"Nadi, tinafulumira. Pepani chomene, akuluakulu."

Nthawi ya achimwene itakwana, anafunsa kuti apepese kwa ndani, kwa Makwinja kapena kwa fodya amene anachedwa kuthyoledwa. Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Komiti inawaimitsa m'bungwe mpaka atadzapepesa, n'kuwauza kuti abweze lamba. Achimwene anati uja wa pepo akamufunse kwa chidole cha adzukulu, koma uyu wa m'chiunoyu sanamulandire kwa komiti. Anthu a m'holomo anakweza manja kuvomereza chilangocho. Ndinasuzumira. Dzanja la a Gondwe silinakwere, komanso pakamwa pawo sipanatseguke. Anangoyang'ana nsapato zawo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri, ndipo umawawira achimwene omwe. Munthu wina akanatukwana, n'kuwasiya ndi holo yawo. Iwo ayi. Tsiku lililonse la msonkhano ankasamba, kuvala lamba, kupalasa njinga mpaka ku boma, n'kukakhala pa mwala pansi pa mtengo wa kesha, moyang'anana ndi khomo la holo. M'kati akayamba nyimbo yotsegulira, iwo ankaimirira panja n'kuimba nawo. Akamapemphera, ankavula chipewa. Anthu a malamba onyezimira ankawadutsa ngati chitsa. A Gondwe ankalowera khomo la kumbali. Msonkhano ukatha, achimwene ankapalasa kubwerera, n'kufika akundiuza kuti lero Abale anabwera ambiri, nyimbo inamveka bwino.

"Anakupatsani moni?" ndinkafunsa.

"Anali otanganidwa."

"Akutayani ngati chikutu cha fodya, inu mukuti otanganidwa! Anthu achabechabe, odya za amasiye!"

Akamva zimenezo ankamenya ndodo pansi. "Usanyoze Abale pakhomo panga! Iwe sudziwa kanthu. Ine ndine Mbale. Anthu amene ali m'katimo sanandilowetse, ndiye sangandichotse." Ankati bungwe lili ngati munthu amene wadwala malungo n'kumabwebweta, sumuthawa, umakhala pakhomo mpaka mutu wake ubwerere. Anakhala pa mwala uja zaka. Mutuwo sunabwerere.

Maliro a alendo sanasiye kuwapeza. Matenanti sankadziwa za komiti, ankangodziwa nyumba ya bambo a lamba. Poti tsopano lamba anali mmodzi, kumiyendo ankamangako chingwe cha ng'ombe. Zimenezi zinkawapweteka kuposa chilango chija. Ankati munthu si thumba la chimanga.

Anamwalira m'mawa, atakhala pa mpando wawo wa ndalema pa khonde, akuwotha dzuwa. Ndisanalire n'komwe, ndisanatume uthenga, ndinalowa m'nyumba, kuchotsa lamba pa msomali, kumukulunga m'chiuno mwanga m'kati mwa nsalu, n'kumanga chitenje china pamwamba. Kenaka ndinalira.

Sindinalakwe. Tsiku loika maliro kunabwera minibasi yodzaza, ndi chinsalu chachikulu cholembedwa dzina la bungwe, ndi nkhata ya maluwa apulasitiki yaikulu ngati gudumu la ngolo. Malamba a pepo ali waliwali pabwalo ponse. Atcheya anapempha mpata woyankhula, ndipo anayankhula mpaka ana anagona pamiyendo ya amayi awo. Ati a Phiri anali mzati wa bungwe. Ati anali tate wawo. Ati sadzaiwala mmene ankakhalira wokhulupirika pa misonkhano, osajomba. Osajomba! Ndinaluma nsalu kuti ndisakuwe. Za mwala uja sanatchule.

Atatha anabwera kumene tinakhala amayi, n'kunjuta patsogolo panga.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Tili ndi pempho laling'ono. Lamba wakale wa malemu uja, tikufuna tikamusunge mu ofesi yathu, m'bokosi la galasi, kuti mibadwo izidzaona kumene tinachokera."

"Uja munkati abweze?"

"Zakale zimenezo, mayi. Lero ndi tsiku la ulemu."

"Sindikudziwa kumene ali."

Anatuma anthu kukayang'ana m'nyumba, ati mwina wagwera kuseri kwa bedi. Ndinawaona akutukula matiresi a munthu amene mtembo wake unali usanatuluke pabwalo. Ine ndili chikhalire, lamba akundiwotcha m'chiuno.

Manda anakumba ndi adzukulu a m'mudzi, mothandizidwa ndi matenanti amene anabwera okha osaitanidwa. Lamulo lakale linkati Mbale amakumbiridwa ndi Abale anzake, koma a minibasi anafika dzenje litatha, nsapato zikuwala. Malo anali kumapeto kwa mzere, kuseri kwa Makwinja. Abusa atatha pemphero, adzukulu anabweretsa zingwe zawo. Apo ndi pamene ndinaimirira. Ndinamasula chitenje chapamwamba pamaso pa anthu onse, amayi anzanga akundikoka kuti ndikhale pansi, n'kuyamba kufunyulula lamba uja. Anatuluka wofiira, wonunkha dothi ndi thukuta.

"Achimwene satsika ndi chingwe," ndinatero. "Atsika ndi uyu. Kumutu alipo. Abale muli pano ambirimbiri, wina apereke wa kumiyendo."

Mnyamata wina wa bungwe, mwina mwa mtima wabwino, anamasula pini n'kutambasula wake wa pepo. Sanakwane ngakhale kuzungulira bokosi. Wina anati alumikize angapo, koma mfundo zinkangoterereka. Mkulu wa adzukulu anawauza kuti achotse zoseweretsazo asanagwetse maliro. Ine ndinali nditayamba kale kuyang'ana kumene kuli chingwe cha ng'ombe, mtima ukundiwira kuti nawonso atsika ngati thumba la chimanga.

Ndiye kumbuyo kwa gulu kunatuluka a Gondwe. Anali atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo. Pamwamba pa jekete anali ndi lamba wa pepo ngati anzawo. Anamasula mabatani a jekete, kenaka a malaya, ndipo m'kati, pa thupi penipeni, munali lamba wakale. Anamufunyulula.

"Mama, ndili naye," anatero, osandiyang'ana kumaso.

Matenanti anayi anagwira nsonga. Bokosi linatsika bwinobwino, osapendekeka. Litafika pansi, atcheya anasendera kufupi, dzanja lili kale patsogolo.

"Tsopano mukoke pang'onopang'ono. Ameneyo ndi katundu wa bungwe, mayi, ndi mbiri yathu."

Ndinauza anyamata a kumutu kuti, "Siyani." Anasiya. Lamba wa achimwene anagwera pa bokosi, fumbi lofiira n'kukwera pang'ono. Atcheya anatembenukira kumiyendo, kuti mwina apulumutse winayo. A Gondwe analanda nsonga m'manja mwa anyamata, anaima kanthawi atazigwira, kenaka n'kuziponya m'dzenje.

"A Gondwe! Wanuyo ndiye bwanji? Inu muli moyo!"

"Yewo, atcheya," anatero a Gondwe. "Ine ndinafa tsiku lija ndinapepesa."

Adzukulu anayamba kukwirira. Mkazi wa Makwinja ndi amene anaponya dothi pambuyo panga. Mayi ameneyu sanabwerere ku Phalombe, ndipo mpaka lero amabwera kudzalambula manda atatu onse, a amayi, a mwamuna wake, ndi a achimwene. Ndimamuyang'anitsitsa, koma sindinamupezebe chifukwa.

Musaganize kuti a Gondwe ndinawakhululukira. Lamba anali naye m'kati mwa malaya zaka zonse zija, akulowera khomo la kumbali, mnzawo ali pa mwala. Tsiku limodzi la kumanda silifafaniza zimenezo. Akadutsa pano ndimawapatsa madzi, mpando ayi. A minibasi aja anadya pamaliro mpaka kupempha nyama yowonjezera, n'kujambulitsa pafupi ndi nkhata yawo. Nkhatayo mphepo inaiulutsira m'munda wa eni ake, ndipo ndinaisiya komweko.

Nyumba ya achimwene ili chitsekere. Mpando wa ndalema ndinaulowetsa m'kati kuopa akuba, njinga ndinaimangirira ku mtanda wa denga. Chigafa chikugwa mbali imodzi, udzu wamera mmene munkapachikidwa fodya. Dzinja lapitali, m'mawa wina wa mvula, ndinaona munthu ataima pakhomo pake, matope mpaka m'mawondo, chipewa m'manja. Anati akufuna bambo a lamba, mnzawo wamwalira ku esiteti. Ndinamuuza kuti bambo a lamba kulibe. Anafunsa ngati lamba yekhayo angabwereke. Ndinatsegula chitseko kuti adzionere yekha. Kenaka ndinamupatsa khasu la achimwene ndi zingwe ziwiri za ng'ombe, ndipo poti munthu sindinkamudziwa, ndinamutsatira mpaka kumanda kuti katundu wanga abwerere. Chakudya chimene anandipatsa kumeneko sindinadye.

Kuseri kwa chitseko msomali ukadalipo, wopindika pang'ono chifukwa cha kulemera kwa zaka zonse zija. Pansi pake, pa khoma lopaka laimu, pali mzere wofiira wautali kufika pafupi ndi pansi, pamene lamba ankakhudza. Mdzukulu wanga anabwera ndi chidebe ndi nsanza kuti apukute khomalo. Ndinamulanda chidebecho.